Momwe mungathandizire mnzanu kusankha posungira mafayilo pa kompyuta yatsopano ya patebulo

Ambiri akamagula kompyuta ya patebulo, maso onse amathera pa purosesa ndi khadi ya magirafiki. Za posungira mafayilo amaziganizira pomaliza, ndalama zitatsala pang'ono, ndiye amangotola chimene chapezeka. Zotsatira zake zimaoneka pakangopita miyezi yochepa: kompyuta yamphamvu koma yochedwa kuyaka, drive C: (pamene pamakhala Windows) yofiira chifukwa chodzaza, kapena SSD (chipangizo chothamanga chosungira mafayilo) yatsopano imene motherboard (bolodi lalikulu polumikizira zipangizo zonse) ikukana kuiona. Mnzanu akakupemphani nzeru pa nkhaniyi, musathamangire kumutchulira dzina la kampani. Tsatani ndondomeko ili m'munsiyi kuyambira pa mafunso mpaka pa tsiku loyatsa kompyutayo.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Dzina lonse la motherboard imene mnzanuyo akugula, ndi zilembo ndi manambala a kumapeto omwe. Ngati akugula kompyuta yolumikiza kale, pezani dzina lonse la kompyutayo.
- Kabuku ka malangizo a motherboardyo. Kamapezeka pa webusaiti ya kampani imene inaipanga.
- Kompyuta kapena laputopu yake yakale, kuti muone ndi maso anu malo amene anadzaza.
- Screwdriver ziwiri za mutu wa mtanda, yaing'ono kwambiri ndi yaikuluko.
- Flash yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposerapo, yoikira Windows.
- Chingwe cha SATA (cholumikiza drive ku motherboard), ngati mudzaika hard disk kapena SSD ya mainchi 2.5.
- Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, yoonera ngati drive ili bwino.

## Gawo 1: Dziwani ntchito imene kompyutayo izigwira

Musanafunse za ndalama, mufunseni kuti azichita nayo chiyani tsiku ndi tsiku. Wolemba malipoti pa Word ndi kuwerengera pa Excel sangadzaze malo ngati wokonza mavidiyo. Wa magemu nayenso ndi nkhani ina, chifukwa gemu imodzi yaikulu ya masiku ano imatha kudya malo opitirira 100 GB.

Akakuyankhani kuti "ine ndilibe zambiri," musamukhulupirire msanga. Aliyense amatero. Tsegulani kompyuta yake yakale, pitani pa Settings, kenako System, kenako Storage, ndipo lembani nambala ya malo amene adzaza. Onjezerani zithunzi za m'foni ndi zonse zili pa ma flash zimene akufuna kusamutsira pa kompyuta yatsopanoyo. Nambala imene mwapezayo ichulukitseni kawiri, popeza mafayilo amangochulukirachulukira.

Chenjezo: zimene mwapezazo zigaweni pawiri. Mbali imodzi ikhale ya zimene amatsegula pafupipafupi, monga mapulogalamu, magemu amene akusewera panopa ndi ntchito imene ili mkati. Mbali ina ikhale ya zongokhala, monga zithunzi za zaka zakumbuyo ndi mafilimu oonera kale. Mukadumpha apa mudzavutika pa Gawo 5.

## Gawo 2: Mufotokozereni mitundu itatu ya posungira mafayilo

Hard disk. Mkati mwake muli mbale zimene zimazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga. Ya kompyuta ya patebulo imakhala ya mainchi 3.5. Pokopera fayilo imodzi yaikulu imafika pakati pa 150 ndi 250 MB pa sekondi, koma timafayilo ting'onoting'ono tikachuluka imachita kukwawa, chifukwa kamkono kaja kamayendayenda kufunafuna. Ubwino wake ndi malo ambiri pa ndalama zochepa.

SSD ya SATA. Ya mainchi 2.5, mulibe choyenda mkati. Imafika pafupifupi 550 MB pa sekondi n'kuthera pomwepo, popeza malire a SATA III ndi omwewo.

SSD ya NVMe. Kachipangizo kopyapyala kolowetsa pa motherboard penipeni, kopanda chingwe. Liwiro lake limadalira PCIe, njira imene imalumikizirana ndi motherboard: pa PCIe 3.0 imafika pafupifupi 3,500 MB pa sekondi, pa PCIe 4.0 pafupifupi 7,000, ndipo za PCIe 5.0 zimadutsa 10,000.

Manambala amenewa amanyenga. Kuchoka pa hard disk kupita pa SSD ya mtundu uliwonse, ngakhale mwana amaona kusintha: kompyuta imayaka msanga, mapulogalamu amatseguka nthawi yomweyo. Kuchoka pa 3,500 kupita pa 7,000, amene amaona kusintha ndi munthu wokopera mafayilo akuluakulu tsiku lonse. Kuyaka kwa Windows ndi kutseguka kwa Chrome kumadalira kuwerenga timafayilo tambirimbiri tobalalika, ndipo pa ntchito imeneyo ma SSD abwino sasiyana kwambiri. Ndiye mfundo yoti mnzanuyo aigwiritse ndi imodzi: Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD, pamenepo palibe zokambirana. Za PCIe 5.0 ine sindingamulimbikitse munthu wamba. Ndi zodula, zimatentha kwambiri, ndipo liwiro lakelo sadzaligwiritsa ntchito.

## Gawo 3: Werengani kabuku ka motherboard musanalipire

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye musafulumire.

Tsegulani tsamba limene lalemba za Storage ndipo yang'anani zinthu izi chimodzichimodzi.

Choyamba, ma slot a M.2 (malo olowetsa SSD zopyapyala zija) alipo angati, ndipo iliyonse imalandira chiyani? M.2 ndi kaonekedwe chabe ka chipangizocho. Pali SSD za M.2 zimene ndi NVMe, palinso za M.2 zimene ndi SATA, ndipo pongoziyang'ana patali zimafanana. Yang'anani kumene kuli timano tagolide: ya NVMe kawirikawiri imakhala ndi mpata umodzi, ya SATA imakhala ndi mipata iwiri. Ma motherboard ambiri atsopano ali ndi slot zimene zimalandira NVMe yokha. Ya SATA ikhoza kulowa bwinobwino mu slot yotere, screw n'kumangika, koma kompyuta osaiona ngakhale pang'ono. Munthu amayamba kunena kuti anamugulitsa chakufa, pamene vuto ndi slot.

Chachiwiri, slot iliyonse ndi ya PCIe iti? SSD ya PCIe 4.0 imagwira ntchito pa slot ya 3.0, kungoti imayendera liwiro la 3.0. Palibe chowonongeka, koma ndalama zoonjezerazo zapita pachabe. Nthawi zambiri slot imene ili pafupi kwambiri ndi purosesa ndi imene imalumikizana nayo mwachindunji, choncho SSD ya Windows iikeni pamenepo.

Chachitatu, werengani timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsambalo. Pa ma motherboard ena, mukaika SSD mu slot yachiwiri ya M.2, malo amodzi kapena awiri olowetsa zingwe za SATA amasiya kugwira ntchito chifukwa amagawana njira imodzi. Kabukuko kamatchula manambala a malo amenewo. Alembeni papepala kuti musadzalowetsepo hard disk.

Chachinayi, kutalika. Zambiri ndi za 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo pafupifupi motherboard iliyonse ya patebulo imalandira zimenezi.

Pomaliza suzumirani m'bokosi la kompyutayo. Mabokosi ena ang'onoang'ono alibe poika hard disk ya mainchi 3.5, ndipo kompyuta zina zolumikiza kale zilibe chingwe chotsala cha magetsi cha SATA.

## Gawo 4: Sankhani kukula kwa SSD

Microsoft imati Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB. Nambala imeneyo ndi yongoti Windows ilowe, osati yoti munthu agwirirepo ntchito. Ma update, mapulogalamu ndi mafayilo osakhalitsa zimadzaza malo mwakachetechete.

SSD ya 256 GB musamulole kugula, ngakhale itatsika mtengo bwanji. Ya 500 kapena 512 GB imakwanira munthu wa zolembalemba ndi intaneti basi. Kwa anthu ambiri, 1 TB ndiye poyambira pabwino. Wa magemu ambiri kapena wokonza mavidiyo aganizire za 2 TB.

Muuziretu kuti 1 TB idzaoneka ngati 931 GB mu Windows, ya 500 GB ngati 465 GB, ndipo ya 2 TB ngati 1.81 TB. Sanamubere. Opanga amawerengera ndi 1,000 pamene Windows imawerengera ndi 1,024.

Chenjezo: SSD ikadzaza mpaka pakamwa imayamba kuchedwa polemba. Powerengera malo, siyani gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo lopanda kanthu.

## Gawo 5: Imodzi kapena ziwiri?

Bwererani ku zimene munagawa pa Gawo 1. SSD ili ngati tebulo logwirirapo ntchito, hard disk ili ngati chipinda chosungiramo katundu. Funso ndi lakuti katunduyo ndi wochuluka moti n'kufunika chipinda chake kapena ayi.

Ngati zonse zimene ali nazo, mutachulukitsa kawiri, zikukwana pa 1 TB kapena 2 TB, agule NVMe imodzi basi. Zingwe zimachepa, phokoso palibe, ndipo sadzasokonezeka kuti fayilo yakuti anaisiya pa C: kapena pa D:. Imeneyi ndiyo njira imene ndimaikonda kwa anthu ambiri.

Ngati zongokhala zija zikufika ma TB angapo, agule NVMe ya Windows ndi mapulogalamu, ndi hard disk ya 4 TB kapena kuposerapo yosungira zakalezo.

Wokonza mavidiyo amapindula ndi SSD ziwiri, ina ya Windows, ina ya ntchito imene ili mkati, kenako hard disk ya ntchito zomaliza.

Ndalama zikamavuta, agule SSD yabwino lero, hard disk adzaonjezera m'tsogolo. Kuonjezera drive yachiwiri ndi ntchito ya mphindi zochepa, pamene kusamutsa Windows kuchoka pa hard disk kupita pa SSD kumadya tsiku.

## Gawo 6: Werengani zolembedwa kuseri kwa paketi

Pa SSD yang'anani izi:

TLC kapena QLC. TLC imasunga ma bit (tizidutswa tating'ono kwambiri ta deta) atatu m'kachipinda kamodzi ka memori yake, QLC imasunga anayi. QLC imatsika mtengo, koma mukamakopera zinthu zambiri nthawi imodzi, kagawo kake kothamanga kakadzaza, liwiro limagwa kwambiri, pa zina mpaka kufanana ndi la hard disk. Ya Windows ikhale TLC. QLC ndi yabwino posungira magemu, amene amalembedwa kamodzi n'kumangowerengedwa.

DRAM. Kameneka ndi kamemori kothamanga kamene SSD zina zimakhala nako. SSD za NVMe zopanda DRAM zimabwereka pang'ono pa RAM ya kompyuta ndipo zimayenda bwino pa ntchito wamba. Za SATA sizingathe kubwereka choncho, ndiye ya SATA yopanda DRAM isakhale yoikapo Windows ngati pali njira ina.

TBW ndi zaka za waranti. TBW ndi kuchuluka kwa ma TB amene kampani ikulonjeza kuti angalembedwe pa SSD imeneyo. Mwachitsanzo, Samsung 990 Pro ya 1 TB ili ndi 600 TBW ndi waranti ya zaka 5. Munthu wolemba 50 GB tsiku lililonse angatenge zaka zoposa 30 kuti afike pamenepo. Choncho mnzanuyo akamaopa kuti SSD "imatha msanga," muwerengereni masamu amenewa.

Pa hard disk yang'anani ngati ndi CMR kapena SMR, njira ziwiri zolembera pa mbale zake. Ya SMR imalemba mizere yopanikizana, wina pamwamba pa unzake, ndipo imachedwa kwambiri mukamalembapo zambiri mobwerezabwereza. Pongosungira zithunzi zakale ilibe vuto. Pa ntchito yolemba tsiku lililonse sankhani CMR. Nthawi zambiri izi sizilembedwa pa paketi, ndiye tengani nambala ya modelo mukaifufuze pa webusaiti ya kampaniyo. Ya 5400 imakhala yachete ndi yozizirako, ya 7200 imathamangako.

Chenjezo: SSD ya dzina losadziwika imene ikulonjeza ma TB ambirimbiri pa mtengo wotsika modabwitsa, ithaweni. Zachinyengo zimasonyeza malo ambiri mu Windows koma mkati muli ochepa, ndipo akadzaza zimayamba kufufuta mafayilo akale osanena. Pulogalamu ya H2testw imalemba drive yonse n'kuwerenganso, ndipo imaulula bodzali.

## Gawo 7: Siyani ndalama ya drive yosungira makope

Hard disk yachiwiri imene ili m'bokosi lomwelo siteteza mafayilo mokwanira. Magetsi akawomba, wakuba akanyamula kompyuta, kapena vairasi yotseka mafayilo ikalowa, zonse ziwiri zimapitira limodzi. Chimodzimodzinso RAID 1, njira yolumikiza ma drive awiri kuti azikhala ndi zofanana: imakopera zonse pa drive yachiwiri nthawi yomweyo, ndiye fayilo imene mwafufuta mwangozi imafufutikanso konse kuwiri.

Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kompyutayo. Kwa munthu wamba zikutanthauza hard disk yakunja ya USB imene amailumikiza pokopera n'kuichotsa akamaliza, komanso mafayilo ofunikitsitsa akhale pa Google Drive, OneDrive kapena zina zotero. SSD ikafa nthawi zambiri imafa mwadzidzidzi, popanda phokoso lochenjeza lija la hard disk, ndipo kubweza zimene zinali momwemo n'kovuta kwambiri.

## Gawo 8: Lowetsani zipangizozo

1. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe.
2. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanagwire SSD. Poinyamula gwirani m'mbali, osati pa timano tagolide.
3. Ngati slot ya M.2 ili ndi chitsulo choziziritsa, chichotseni kaye.
4. Onetsetsani kuti kachitsulo kokhalira SSD kali pa bowo lolembedwa 2280. Popanda kameneka SSD imapindika mukamanga screw.
5. Lowetsani SSD mopendeka, pafupifupi madigiri 30, mpaka timano tibisike. Itsitseni pang'onopang'ono n'kumanga screw osalimbitsa kwambiri. Ma motherboard ena ali ndi kotsekera kapulasitiki m'malo mwa screw.
6. Musanabwezere chitsulo choziziritsa, matulani kapulasitiki kopyapyala kali pansi pake. Ambiri amakaiwala, ndipo SSD imatentha n'kumadzichepetsera liwiro.
7. Hard disk imangeni ndi ma screw ake onse kuti isamanjenjemere. Imafuna zingwe ziwiri, chaching'ono chopita pa motherboard ndi chachikulu chochokera ku power supply. Koma zingwezi musazilumikize panopa. Chifukwa chake chili pa gawo lotsatira.

## Gawo 9: Ikani Windows, kenako dzutsani drive yachiwiri

Poika Windows, SSD yokha ndi imene ikhale yolumikizidwa. Mukasiya ma drive ena, nthawi zina Windows imakaika mafayilo ake oyatsira pa drive ina. Kompyuta imayenda bwinobwino, mpaka tsiku limene mnzanuyo adzachotse hard disk ija, pomwepo Windows n'kukana kuyaka. Kuchotsa zingwe kumakutetezaninso kuti musafufute drive yolakwika.

Lowani mu BIOS (tsamba la makonzedwe a motherboard, lotseguka Windows isanayake) muone ngati SSD ikuoneka. Yatsani kompyuta kudzera pa flash imene mwakonza ndi Media Creation Tool (pulogalamu ya Microsoft yokonzera flash yoikira Windows), sankhani SSD ija, ndipo isiyeni Windows igawe yokha malo. Kugawa SSD ya 1 TB kukhala C: yaing'ono ndi D: yaikulu ndi chizolowezi chakale chimene chimangopangitsa kuti C: idzaze msanga pamene D: ilibe kanthu.

Windows ikatha kulowa, zimitsani, lumikizani hard disk, yatsaninso. Mukatsegula File Explorer simudzaiona, ndipo musadandaule. Dinani batani lakumanja la mbewa pa Start, sankhani Disk Management, ndipo ikakufunsani njira yogawira drive, GPT kapena MBR, sankhani GPT. MBR imathera pa 2 TB, ndiye pa hard disk ya 4 TB theka lonse limangogona osagwiritsidwa ntchito. Kenako dinani batani lakumanja pa malo a mzere wakuda olembedwa Unallocated, sankhani New Simple Volume, ipatseni chilembo, ndipo muifomate (kuikonza kuti izisunga mafayilo) posankha NTFS.

Chenjezo: Windows 11 yatsopano imatha kutseka drive ndi BitLocker yokha munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft. Mnzanuyo apeze kiyi yake yotsegulira, ya manambala 48, imene imasungidwa mu akauntiyo, ndipo ailembe pena pake kunja kwa kompyutayo. Akadzasintha motherboard popanda kiyiyo, mafayilo ake sadzatseguka.

## Gawo 10: Yesani zonse zisanadzaze

Tsegulani CrystalDiskInfo. Health Status ikhale Good, ndipo maola amene drive yagwira ntchito akhale ochepa kwambiri. Yatsopano ikasonyeza maola mazanamazana, ibwezeni. Pa Transfer Mode muone ngati NVMe ikuyendera PCIe imene munalipirira. Sungani risiti ndi paketi mpaka mutatsimikiza.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuika Windows pa hard disk, SSD n'kuisandutsa posungira mafilimu. Zimachitika pamene ma drive onse anali olumikizidwa ndipo munthu anangodina Next. Onani pa Disk Management kuti C: ili pa drive iti.

Kusiya foda ya Downloads ndi magemu onse pa C: pamene D: ilibe kanthu. Dinani batani lakumanja pa foda ya Downloads, Videos kapena Pictures, sankhani Properties, kenako Location, n'kuisamutsa. Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu, nayo imalola kupanga malo achiwiri a magemu pa Settings, pa Storage.

Kugwiritsa ntchito mapulogalamu a defrag (osonkhanitsa zidutswa zobalalika za mafayilo) pa SSD. Sikuthandiza kanthu, kumangoilembalemba pachabe. Windows imadziwa kusiyanitsa SSD ndi hard disk, ndipo pa SSD imachita yokha TRIM (kuuza SSD malo amene mafayilo ake afufutidwa).

Kudalira hard disk yakale yochotsa m'kompyuta ina ngati posungira pokhapo. Ionetseni kaye kwa CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, makamaka pa Reallocated Sectors kapena Pending Sectors, koperani zonse lero lomwe.

Kusuntha kapena kugogoda bokosi hard disk ikuzungulira. Kamkono kake kamayandama pafupi kwambiri ndi mbale, ndipo kakangokhudza kamakanda pamene pali mafayilo.

Kusunga makope pa SSD n'kuiika m'kabati kwa zaka. SSD imasunga zinthu ndi timagetsi totsekeredwa m'tizipinda take, ndipo ikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa, makamaka pamalo otentha, timagetsito timatha kuthawa pang'onopang'ono. Zosunga kwa zaka zikhale pa hard disk, ndipo nayonso aziilumikiza mwa apo ndi apo n'kutsegula mafayilo angapo kuti aone ngati akadali bwino.